Nthambi yachiwiri ya lesitilanti: ndani adzakulonderani mafiriji muli kutali?

Lesitilanti ikakhala imodzi, mwini wake safuna chipangizo chilichonse kuti adziwe za kukhitchini. Amalowa m'mamawa, kutsegula firiza, kudina nkhuku ndi chala n'kudziwa ngati yauma gwa kapena yayamba kufewa. Khutu limamuuza kuti firiji ikulira mosiyana ndi dzulo. Nyama ya ng'ombe ikayamba kusintha, mphuno imadziwa isanafike pamoto. Zonsezi zimatha tsiku limene bizinesi yakula, mwapeza malo ena ku Katete, paboda ya Mwami, ku Petauke kapena ku Mfuwe, pamene thupi lanu ndi limodzi lomweli. Kuchoka mu Chipata kukafika ku Katete ndi makilomita oposa 80, ku Lundazi ndi pafupifupi 180. Simungapite kukadina nkhuku m'mawa uliwonse.

Ogulitsa zipangizo auona mpata umenewu. Pali masensa, tizipangizo toyeza kuzizira, oika mufiriji amene amalankhula ndi foni yanu, pali makamera, pali makina olandirira ndalama olumikizidwa ku intaneti, ndiponso makampani amene amati mukamawalipira mwezi ndi mwezi adzakuonetsani makhitchini anu onse pafoni imodzi. Zina mwa izi n'zothandiza ndithu, ndipo ndimafunitsitsa kuti eni malesitilanti a kuno kum'mawa kwa Zambia azizigwiritsa ntchito. Koma zambiri zinapangidwira mayiko kumene magetsi akazima ola limodzi imakhala nkhani ya pawailesi. Choncho njira iliyonse ndiifunsa mafunso awiri. Malaiti akapita, kodi imalankhulabe? Nanga ikalankhula 2 koloko usiku, ndani adzadzuka?

Tisanayerekeze, tidziwe chimene tikulonderacho. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chosachedwa kuwonongeka chizisungidwa pozizira pansi pa madigiri 5, chophikaphika chodikira makasitomala chizikhala chotentha kuposa madigiri 60, ndipo chisakhale pamtunda kupitirira maola 2. Pophika, m'kati mwenimweni mwa nyama mufike madigiri 70. Firiza yoyenda bwino imakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro. Pakati pa 5 ndi 60 ndi pamene tizilombo timaswana, ndipo zinthu zikatikomera tina timachuluka kawiri pa mphindi 20 zokha. Salmonella amakonda nkhuku ndi mazira. Mpunga uli ndi mdani wakewake, Bacillus cereus, amene timbewu take sitifa pophika ndipo timadzuka mpunga ukagona pofunda. Mpunga wa ku Chama, ngakhale ununkhire bwanji, ukatsala mumphika usiku wonse wa Okutobala, kuutenthetsanso m'mawa sikuchotsa poizoni wake. Chowawa n'chakuti chakudya chotere nthawi zambiri sichinunkha. Mphuno imagwira zowola, koma zodwalitsa zimaidutsa.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa kuwerenga maola. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa ku Kariba ndi ku Kafue, kumene kumachokera gawo lalikulu la magetsi a dziko lino. Mu Marichi ZESCO, kampani ya magetsi, inayamba kuzimitsa maola 8 patsiku, ndipo pofika Seputembala nyumba zambiri zinkaona magetsi maola 3 okha. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Firiza yodzaza imapirira masiku 2, yatheka tsiku limodzi, ndipo ziwerengero zimenezi n'za malo ozizirirapo, osati khitchini ya malata imene mukuyaka mbaula zitatu. Chaka chomwecho chinayamba ndi kolera amene anapha anthu oposa 700, mpaka National Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka chipatala. Kuyambira pamenepo kasitomala akatsegula m'mimba sachedwa kukumbukira kumene anadya, ndipo sakhala chete.

Munthu wanu, themometa ndi kope

Njira imene tonse timayambira ndi kuika munthu wathu kumeneko: mlongo wanu, alamu anu, mwana wa amalume. Sindiipeputsa. Palibe chipangizo chimene chingalowe m'malo mwa munthu amene katundu akawonongeka mtima umamupweteka. Koma kukhulupirika sikuyeza kuzizira. Alamu anu adzakuuzani moona mtima kuti firiji ili bwino chifukwa akaika dzanja akumva kuzizira, pamene m'katimo muli madigiri 11.

Muwapatse themometa. Yabwino pantchito iyi ndi ija yokhala ndi kawaya: mutu wake umalowa mufiriji, nambala imaoneka kunja popanda kutsegula chitseko, ndipo imakumbukira kutentha kwakukulu ndi kuzizira kwakukulu kumene kwafikidwa chiyambire pamene munaidina komaliza. Kukumbukira kumeneko ndiko kofunika, chifukwa m'mawa magetsi atabwera firiji imaoneka yosalakwa, koma themometa imanena kuti usiku munafika 14. Pambali pake pakhale kope lolembamo m'mawa, masana ndi potseka, ndi dzina la wolembayo. Izi si zachilendo kwathu kuno. M'zipatala zathu, ngakhale zazing'ono za kumidzi, firiji ya katemera imayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo imalembedwa kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo. Ngati anamwino amakwanitsa ali ndi mzere wa amayi pakhomo, wophika naye angakwanitse.

Kope lili ndi nthenda yake. Ntchito ikachuluka, sabata yonse imalembedwa Lachisanu ndi bolopeni imodzi, manambala ofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mankhwala ake ndi chithunzi: potsegula ndi potseka, wina ajambule themometayo n'kutumiza pagulu la WhatsApp la nthambiyo. Chithunzi chimafika ndi nthawi yake. Mufiriza mungaikenso kapu ya madzi oundana, pamwamba pake n'kuikapo kandalama kachitsulo. Mukakapeza kamira, dziwani kuti munasungunuka n'kuundananso.

Chinthu china musachisiye, ngakhale mutasankha njira iti pansipa: themometa yobaya, yolowetsa m'ntchafu ya nkhuku kapena pakati pa mphika wa nyama. Muziiyesa mu ayezi wophwanyaphwanya wothira madzi pang'ono, ionetse ziro. Mukaiyesa m'madzi owira mu Chipata musadabwe ikaonetsa pafupifupi 96 osati 100. Mzinda wathu uli pamtunda, ndipo pamtunda madzi amawira msanga. Sikuti yawonongeka.

Pa mafunso awiri aja, njira iyi imapambana loyamba, chifukwa siidalira magetsi n'komwe, koma imagwa pa lachiwiri. Usiku palibe amene akuona. Mudzadziwa zoona zake, koma m'mawa.

Kachipangizo kolemba kokha

Ogulitsa amakatcha data logger. Ndi kakang'ono kokwana m'dzanja, kali ndi batire lake, ndipo kamalemba kuzizira mphindi zingapo zilizonse kwa masabata. Mukafuna kuona mumakabaya pakompyuta kapena kukayandikiza foni ya Bluetooth, n'kuona mzere wa usiku ndi usana wonse. Sikanama, sikaiwala, sikafuna netiweki. Koma ndi mboni, si mlonda: kamakufotokozerani bwino lomwe mmene katundu anawonongekera, osakudzutsani kuti mumupulumutse.

Pali malo awiri pamene ndimakaona kuti n'koposa zonse. Poyamba ndi paulendo. Ngati mumatumiza nkhuku kapena nsomba mu cooler box kuchoka mu Chipata kutsikira ku Mfuwe, kumene mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, kaikeni m'bokosimo; mudzadziwa ngati ayezi akukwanira ndiponso ngati galimoto inaima nthawi yaitali panjira. Kachiwiri ndi musanagule china chilichonse. Kagonekeni sabata imodzi mufiriji iliyonse ya nthambi yatsopano. Mwina mudzapeza kuti vuto si magetsi ayi, koma labala la pachitseko lang'ambika, kapena firiji yaikidwa mogundana ndi chitofu, kapena wophika amalowetsa mphika wa nyemba uli wotentha n'kufunditsa zonse za m'katimo.

Masensa a WiFi

Apa ndi pamene ambiri akuthamangira, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Ndi otsika mtengo, amapezeka m'masitolo a zamagetsi ndi pa intaneti, ndipo ambiri amayendera mapulogalamu a pafoni monga Tuya kapena Smart Life. Mukhala mu Kalongwezi, mu Chipata, n'kumaona kuti firiza ya ku Katete ili pa 19 pansi pa ziro, mtima n'kukhala m'malo. Mungaike malire kuti ikadutsa nambala yakuti foni ilire. Mungawonjezere kena kodziwitsa kuti chitseko chasiyidwa pululu. Masana, magetsi alipo, ndi zokoma kwabasi.

Tsopano tsatirani njira imene uthengawo umayenda. Sensa imauza rauta, kabokosi kopereka WiFi, rauta imautumiza pa netiweki kupita kumakompyuta a kampaniyo amene ali kunja kwa dziko, kenako ubwerere kufoni yanu. Malaiti akapita, rauta imazima nthawi yomweyo pamodzi ndi firiji. Ndiye kuti pa ola limene mukuifunitsitsa, sensa ija ilibe woiperekera mawu. Foni yanu imakhala zii, ndipo inu mumayesa kuti zonse zili bwino. Mapulogalamu ena amakuuzani kuti chipangizo chasowa pa netiweki, koma nthawi zina amachedwa, ndipo ena sauza mpaka mutatsegula nokha. Zomwezo zimachitika bandulo ikatha pakati pa usiku, kapena achinyamata a pantchito akaidziwa pasiwedi n'kuimaliza ndi mavidiyo.

Si kuti njira iyi ndi yotayika. Imachira mukaigulira rauta kabatire kake, kaja amati mini UPS, kapena mukailumikiza ku inveta ya sola. Funsani kuti kabatireko kamapirira maola angati, ndipo muyerekeze ndi maola a 2024, osati a chaka chabwino. Rautayo ikhale ya ntchito iyi yokha. Amene ali kutali ndi nsanja za mafoni angaganize za Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, imene inayamba kugwira ntchito mu Zambia mu Okutobala 2023, koma nayonso imadya magetsi ochulukirapo kuposa rauta wamba, choncho funso la batire silichoka.

Pali tinthu tina timene wogulitsa sangakuuzeni. Firiji ndi bokosi lachitsulo, ndipo chitsulo chimatsekereza mafunde a wailesi. Sankhani sensa imene thupi lake limakhala kunja, kawaya kokha n'kulowa m'kati. Ngati yonse iyenera kulowa mufiriza, mabatire wamba amafooka msanga pozizira, afunika a lithium. Masensa ambiri otere amamva WiFi ya 2.4 GHz yokha. Ndipo mutu wa kawaya ukangolendewera mumpweya, umalira nthawi iliyonse wina akatsegula chitseko kutenga Fanta. Uikeni m'kabotolo ka madzi ngati ndi mufiriji, kapena pakati pa katundu ngati ndi mufiriza, kuti uziyeza zofanana ndi chakudya, ndipo muuze pulogalamuyo kuti idikire mphindi 20 kapena 30 isanalire. Ndikulimbikira pa mfundo iyi chifukwa belu lolira pachabe kasanu patsiku limathera kuzimitsidwa, ndipo tsiku la ngozi yeniyeni palibe amene amamva.

Sensa yokhala ndi SIM ndi batire lake

Iyi ndiyo ndimaikonda pa nyengo yathu. Siidalira rauta. Ili ndi SIM yakeyake ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ili ndi batire m'kati, ndipo zambiri zimazindikira kuti magetsi a pakhoma achoka. Zimatumiza meseji wamba kumanambala angapo: magetsi azima nthawi yakuti, magetsi abwera, firiza yafika pakuti. Zina zimaimba ndithu. Meseji wamba imalowa ngakhale pa kafoni ka mabatani ka mlonda, ndipo imadutsa pamene intaneti ikukwawa.

Uthenga wakuti magetsi azima uli ndi phindu lina limene ambiri saliganizira. Si nthawi zonse pamene vuto lili kwa ZESCO. Mayunitsi amatha pamita usiku. Wokolopa amazula pulagi ya firiza kuti atchaje foni n'kuiwala kubwezera. Kaswitchi ka pabolodi kamagwa. Anansi onse akuwala, inu nokha muli mumdima, ndipo zotere zimakonzeka m'mphindi zisanu ngati wina wadziwa. Mayunitsi mungagule pa Airtel Money kapena MoMo muli pabedi, bola pakhale wokalowetsa manambalawo pamita.

Zovuta zake zilipo. Mtengo wogulira ndi wokwera kuposa wa za WiFi. SIM imafuna kulembetsedwa monga mwa malamulo a ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndipo ndikulangiza kuti ilembedwe m'dzina lanu kapena la bizinesi, osati la wantchito amene mawa angachoke. Imafunanso kudyetsedwa, SIM yongokhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa. Sankhani chipangizo chimene chimatumiza meseji tsiku lililonse yongonena kuti chili moyo, kuti tsiku limene meseji siinabwere mudziwe kuti pali vuto. Zambiri zotsika mtengo zimayendera 2G yokha, choncho funsani ngati chimamva 4G. Ndipo netiweki muiyesere pamalo enieni pamene firiza ili, kuseri kwa khitchini, osati panja pamsewu. Magetsi akazima nthawi yaitali nsanja zina nazo zimafooka. Imeneyo ndi mbali imene palibe mwini lesitilanti angailamule, ndipo n'chifukwa chake kope lija silichoka pakhoma.

Makampani ochita zonse

Pamwamba pa zonsezi pali makampani amene amabwera n'kuika masensa mufiriji iliyonse, kabokosi kamodzi kosonkhanitsa mauthenga, ndi tabuleti imene wophika amadinapo kuti wapukuta, wayeza nkhuku, walandira katundu ali wozizira. Malipoti amatuluka okha, okonzedwa motsatira HACCP, dongosolo losamalira chakudya limene linayambira ku America m'zaka za m'ma 1960 pokonzera chakudya anthu opita kumlengalenga, ndipo lero mahotela akuluakulu amalitsatira. Kwa loji ya ku South Luangwa yolandira alendo akunja, kapena kwa amene ali ndi nthambi zinayi kapena zisanu, izi zili ndi nzeru. Oyendera zaumoyo a khonsolo akabwera pansi pa Public Health Act kapena Food Safety Act ya 2019, muli ndi choonetsa cha miyezi yambiri.

Kwa amene akutsegula nthambi yachiwiri, ndikuona kuti n'kulumpha. Malipiro ake ndi a mwezi ndi mwezi, kawirikawiri owerengedwa m'madola, pamene nsima mumagulitsa m'makwacha. Musanasaine, funsani zinthu zitatu: chikawonongeka, wokonza ali mu Chipata kapena achokere ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road? Mukasiya kulipira, zipangizo zimagwirabe ntchito? Nanga zolembedwa zanu zakale mungazitenge?

Makamera ndi makina a ndalama

Eni malo ambiri akamva za kulondera khitchini patali, choyamba m'mutu ndi kamera. Ndikudziwa chimene chimawapweteka: nyama yotuluka pakhomo lakumbuyo, mbale zogulitsidwa osalembedwa. Kamera pakhomo lolandirira katundu ndi pamalo olipirira imathandiza. Koma kamera siiona kuti nkhuku ili pa madigiri 12, imadya bandulo kwambiri mukamaonera patali, ndipo palibe mwini bizinesi amene ali ndi maola okhala n'kumaonera. Kamera yoloza wophika tsiku lonse imabweretsanso mtima wina pantchito: anthu amaphunzira kubisa, osati kusamala. Mukaika, auzeni antchito ndipo muike chikwangwani. Data Protection Act ya 2021 imateteza zokhudza munthu, ndipo nkhope yake ili m'gulu limenelo.

Pa nkhani ya kuba, makina olandirira ndalama ndi sikelo zimanena zambiri kuposa kamera. Mwatumiza nkhuku 20, iliyonse imatuluka magawo amene munagwirizana, makina akuti mbale zogulitsidwa ndi zakuti, mufiriza mwatsala zakuti. Masamu akakana, mwadziwa pofunsa. Amene analembetsa VAT akudziwa kale kuti kuyambira mu Julayi 2024 ZRA, bungwe lotolera misonkho, imafuna Smart Invoice, njira yake yotulutsira malisiti pa intaneti, choncho pogula makina funsani ngati amagwirizana nayo, kuti musagule kawiri.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali tizipangizo tina tosalumikizidwa ku intaneti timene ndingagule ndisanagule kamera. Choyamba ndi fridge guard pa firiji ndi firiza iliyonse. Magetsi akamabwera amabwera mwamphamvu kapena mofooka, ndipo kompuresa, injini ya firiji, ikadzutsidwa mwadzidzidzi imapsa. Kachipangizoka kamadikira mphindi zingapo kasanalole magetsi kulowa. Chachiwiri ndi belu lomva gasi akatuluka, loikidwa m'munsi chifukwa gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya ndipo amatsika pansi. Chachitatu, ngati mumayatsa mbaula m'kati magetsi akazima, ndi belu la carbon monoxide, mpweya wa makala umene sununkha koma umapha. Awa ndi moyo wa anthu amene amakuphikirani.

Kuchepetsa zolondera

Pali njira ina imene siigulidwa m'sitolo. Ngati nthambi yachiwiri ili pafupi, tinene ina m'tauni ina ku Kapata, kapena ngakhale pa Mwami, musagawe katundu pawiri. Nyama yonse ikhale pamalo amodzi pamene mwaikapo sola kapena jenereta ndi sensa yabwino, ndipo nthambi izilandira za tsiku limodzi m'mawa uliwonse. Ndalama zanu zimagona malo amodzi otetezedwa, nthambi imakhala ndi firiji imodzi yokha, ndipo ndiwo zimakoma mofanana chifukwa zokometsera zimasakanizidwa ndi dzanja limodzi. Kasitomala amene anazolowera nkhuku ya kumudzi ndi chiwawa chotendera cha kwanu akapita kunthambi amafuna kukoma komweko, ndipo palibe sensa imene imayeza nsinjiro. Koma ku Lundazi kapena ku Petauke njira iyi siigwira. Mafuta a galimoto adzadya phindu lonse.

Ine ndikanatani

Yambani ndi masamu anu. Tsegulani firiza tsiku limene yadzaza kwambiri, muwerenge mtengo wa zonse zili m'katimo. Kwa ambiri kuno tsiku limenelo ndi sabata ya Nc'wala, mwambo wa Angoni, kumapeto kwa Febuluwale, pamene alendo opita ku Mtenguleni adzaza mu Chipata, kapena ya Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika ndipo Katete yense akufuna chakudya. Nc'wala imagwa m'dzinja, nthawi ya mphezi ndi mitengo yogwera pamawaya. Yerekezani ndalama imeneyo ndi mtengo wa chipangizo pamodzi ndi zolipira za chaka chonse. Ngati firiza imodzi yotayika ikuposa, yankho mwalipeza.

Pa nthambi yachiwiri, ine ndikanaika themometa yokumbukira ndi kope pa firiji iliyonse, fridge guard paliponse, themometa yobaya m'manja mwa wophika, ndi sensa imodzi yokha ya SIM pa firiza imene mumagona ndalama zambiri. Masensa a WiFi ndikanawawonjezera pokhapokha ngati pamalopo pali kale sola yosazima usiku. Makampani ochita zonse ndikanawadikiritsa mpaka nthambi zitachuluka moti mameseji akundisokoneza. Kamera ikanabwera pomalizira.

Koma funso lachiwiri lija ndilo limagwetsa ambiri. Meseji ikafika kwa inu nokha muli mu Chipata, firiza ili ku Katete, mudzangogona m'maso. Ifike kwa anthu atatu: inu, woyang'anira nthambi, ndi wina wokhala pafupi amene ali ndi kiyi ndipo amadziwa kuliza jenereta. Munthu ameneyo alipidwe pa kudzuka kwake, ndipo mafuta a jenereta akhalepo nthawi zonse. Pakhoma palembedwe m'chinenero chathu zoyenera kuchita: yang'anani pulagi, yang'anani mita, musatsegule firiza, maola akafika akuti samutsirani katundu kwakuti. Palembedwenso amene ali ndi mphamvu yonena kuti ichi chitayidwe. Nyama imene idakali ndi ayezi m'kati ingabwerere mufiriza. Imene yafunda kupitirira madigiri 5 kwa maola oposa 2 isapite pambale ya munthu, ngakhale ikuoneka bwino.

Ndipo apa ndikupemphani ndi mtima wonse, inu amayi ndi abambo eni malesitilanti. Wantchito akakuimbirani kuti, “Amayi, firiza inazima usiku, nkhuku zafewa,” musamudule malipiro tsiku lomwelo. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mukamulanga, ulendo wina adzaziumitsanso mwakachetechete n'kuziphika, kapena adzachotsa kawaya ka sensa n'kukaika pakona pozizira kwambiri kuti manambala azikusangalatsani. Zipangizo zonse tatchulazi zimadalira manja a anthu omwewo, choncho auzeni poyera kuti sensa yabwera kudzateteza katundu ndi ntchito yawo, ndipo asonyezeni mmene imagwirira.

Musanatsegule nthambi, yesani zonse tsiku limene firiza ilibe kanthu koma mabotolo a madzi oundana. Zimitsani magetsi pabolodi madzulo osauza munthu, muyang'ane wotchi. Lembani kuti meseji yafika patapita mphindi zingati, yafika kwa angati, ndani wayankha, ndipo wafika pamalopo nthawi yanji. Siyani firiza yotseka usiku wonse kuti muone yakwera madigiri angati pofika m'mawa. Nambala imeneyo ndiyo idzakuuzani maola amene muli nawo pa firiza yanu, m'khitchini yanu, ndipo muibwereze mu Okutobala chifukwa idzasintha.